Mizere Inayi ya Mohira

"Ndikufunsa iwe, mtengwa! Nyumba ino yasanduka wailesi liti?"

Mayi Sanavbar analankhula asanatseke n'komwe geti. Mpango unali utasendera kunkhongo, ndipo mbale yomwe anatengera mkate kumaliro anaiponya pansi ngati yawalakwira. Mohira, mkazi wa mwana wawo, anali atagwada pafupi ndi uvuni wadothi akukanda ufa. Anadzuka n'kuika dzanja pamtima, monga achitira mtengwa aliyense kwathu kuno.

"Mwabwerako bwanji, Amayi?"

"Ndabwerako ndi manyazi. Takhala pansi azimayi tikumwa tiyi, misozi ya anamfedwa isanaume, mkazi wa wogulitsa nyama watulutsa foni. Akuti, 'Anzanga, tamverani mbalame ya kwa a Sanavbar.' Ndikumva mawu ako! Iweyo, ukuitana mwamuna mudzi wonse ukumva."

"Si kuitana mwamuna, Amayi. Ndi ndakatulo."

"Ndakatuloyo ikuitana mbuzi?"

Pansi pa mtengo wa mabulosi, pa chibedi cha matabwa chomwe banjali limadyerapo nyengo yotentha, panakhala bambo Nazarali, amuna awo a mayi Sanavbar. Maso awo anafa ndi matenda a shuga. Kamdzukulu kawo Anora, ka zaka zinayi, kanali katagona pamiyendo pawo.

"Amake Saidmurod, tsitsani mawu, mudzutsa mwana. Mtengwayu ndinamutuma ndine."

"Inuyo?"

"Ineyo. Aphunzitsi a Dilorom, aja oyang'anira laibulale, akujambula mawu a anthu akuwerenga, kuti ife osaona ndi nkhalamba zomwe maso anatopa tizimvera pafoni. Salipira munthu, amapita ndi wofuna. Mwezi uno asankha kandakatulo kakale ka mizere inayi, aliyense akuwerenga komweko ndi mawu ake. Wawerenga namwino, wawerenga mlonda wa pasukulu, awerenga atsikana asukulu. Ine ndinati mtengwa wathu amandiwerengera nyuzipepala mosadodoma, apite nayenso. Chalakwika n'chiyani?"

"Namwino ali ndi mwamuna wake m'nyumba. Uyu wake ali ku Russia, akusenza njerwa m'chisanu kuti ife tidye. Ndipo mukudziwa yemwe akubwera pambuyo pake m'foni muja? Firuz woyendetsa takisi, mnyamata wosakwatira. Uyu akamaliza, uyo n'kuyamba. Azimayi akuti akuyankhana."

"Sindinakumane naye n'komwe, Amayi," anatero Mohira. "Iye anapita tsiku lina. Aphunzitsi ndi amene analumikiza mawuwo."

"Utsi sufuka popanda moto."

"Pakamwa pa mkazi wa wogulitsa nyama umafuka ngakhale m'madzi," anatero bambo Nazarali.

"Inu khalani chete, mwawononga kale. Iwe, tanena pano zomwe unanena kuja. Ndimve uli pamaso panga."

Mohira anayang'ana pansi. Ufa unali kuuma m'zala zake. Atayamba, mawu ake anali otsika moti bambo Nazarali anapendeketsa mutu kuti amve.

"Madzi a mumfuleni adutsa pakhomo panu,
ndawafunsa za inu, angopita osayankha.
Mabulosi apsa, ndikutola ndekha;
bwerani, wokondedwa, mbalame zisanamalize."

"'Bwerani, wokondedwa!' Abwere ndani?"

"Mwamuna ndili naye mmodzi, Amayi, ndipo ndi mwana wanu. Powerenga paja ndimaganiza za iye."

"Mwamuna wako uzimuganizira mumtima, osati pafoni ya eni. Bambo akowa anapita kuusilikali zaka ziwiri. Kafunse aliyense ngati ine ndinakwera padenga n'kumaimba."

"Mukanakwera, mwina ndikanathawako n'kubwera msanga," anatero bambo Nazarali.

Palibe anaseka. Mayi Sanavbar anatola mbale yawo n'kulowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo mkate unapserera mbali imodzi.

M'mawa mwake mayi Sanavbar anavala diresi lawo lopitira kuukwati n'kulunjika kulaibulale. Ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa sukulu. Makoma ake aphunzitsi a Dilorom anawaphimba ndi zofunda zathonje zobwereka, kuti phokoso la ana lisamalowe m'mawu ojambulidwa. Panja pa benchi panakhala azimayi atatu akudikira nthawi yawo, aliyense akuyeserera mizere ija chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Mkati munali mkulu wina woweta njuchi, atavula chipewa ngati ali pamaso pa dokotala. Ankati akafika pa mawu oti "wokondedwa" n'kuyamba kutsokomola.

"Atsibweni, musachite manyazi," anatero a Dilorom. "Yambaninso."

"Mwana wanga, mawu amenewa sindinawanenepo kwa akazi anga zaka zonsezi. Akawamva pafoni adzati ndapeza wina."

Azimayi a panja aja anaseka. Kuseka kwawo kunatha pamene mayi Sanavbar anakankha chitseko.

"Takulandirani, azakhali," anatero a Dilorom akuimirira. "Mwabwera kudzawerenga nanu?"

"Ndabwera kudzatenga mawu a mtengwa wanga. Muwachotse."

"Kufufuta ndingafufute lero lomwe ngati mwini wake wafuna. Koma ndisakunamizeni, mawuwo ali kale m'mafoni a anthu. Afika mpaka kwa ana athu ali ku Russia, ndipo ena atumiza uthenga kuti akamamvera amakhala ngati ali kumudzi. Takhalani pansi, azakhali, mumvere onse kuyambira woyamba. Mwa onse awerengawa palibe wofika pa Mohira. Gogo wina wosaona wa kutsidya kwa mtsinje atamumva analira."

"Alire ndi atengwa ake. Inu muli ndi mwamuna, aphunzitsi?"

"Anamwalira."

"N'chifukwa chake mukuseweretsa maukwati a anzanu."

Mkulu wa njuchi uja anavala chipewa chake pang'onopang'ono. Potuluka, mayi Sanavbar anaima pa benchi n'kuwayang'ana azimayi aja mmodzimmodzi.

"Amuna anu akudziwa kuti muli kuno?"

Awiri anadzuka n'kumapita. Wachitatu anakhala pang'ono, kenako anawatsatira.

Lachisanu linali tsiku lomwe Saidmurod, mwamuna wa Mohira, ankaimba foni. Iye anapita ku Russia Anora ali wakhanda, ndipo anabwerako kamodzi kokha. Kale ankaimba mpaka foni kutentha. Masiku ano ankangofunsa za shuga ya bambo ake ndi ng'ombe, n'kunena kuti akuthamangira kuntchito. Mkazi wake ankamupatsa moni wa pamapeto, ngati munthu wokumbukira chinthu ali kale pakhomo.

Masana a tsikulo bambo Nazarali anaitana akazi awo pa chibedi chija.

"Amake Saidmurod, nkhani ya m'nyumba ithere m'nyumba. Mnyamatayo musamuuze. Khutu lakutali limamva zinthu mokuza."

"Ndingofuna amudzudzule basi. Ine ndikalankhula inu mumamuikira kumbuyo. Mkazi akamva mawu a mwamuna wake amadziwa pomwe waima."

"Mwala ukagubuduka paphiri suuuza pokaima."

"Mwana wanga ndimamudziwa. Ndinamubereka ndine."

Foni inalira dzuwa litapendeka. Mayi Sanavbar anaikweza mawu monga mwa nthawi zonse kuti amuna awo azimva nawo. Atatha malonje anayamba, ndipo atayamba sanathenso kudzigwira. Ananena za kumaliro, za kuseka kwa azimayi, za Firuz wa takisi. Zina anawonjezera, osati pofuna kunama, koma chifukwa nkhani ikamakambidwa ndi munthu wopsa mtima imanenepa yokha. Bambo Nazarali anatsokomola kawiri konse, koma sanawadule.



"Mupatseni foniyo," anatero Saidmurod.

Mohira anapukuta manja pa diresi n'kuilandira ndi manja awiri.

"Bambo a Anora, muli bwanji kumeneko? Mundilole ndifotokoze, si momwe…"

"Palibe chofotokoza. Amayi ndi Ababa akumva, akhale mboni. Talaka. Talaka. Talaka. Sindiwenso mkazi wanga."

Mawu amenewa mwamuna akawanena katatu, kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti ukwati watha. Mohira anangoima, foni ili kukhutu ngakhale inali yokweza mawu. Mayi Sanavbar anamulanda.

"Iwe! Saidmurod! Sindinanene choncho ine! Ndimati umukalipire chabe! Halo? Halo!"

Foni inali itaduka. Anaimbanso, sinayankhidwe. Anaimbanso, inali itazimitsidwa. Anora, yemwe ankasewera ndi mwanawankhosa kumpanda, anabwera akuthamanga kudzafunsa ngati Ababa anena zoti amubweretsera nsapato zofiira.

M'mawa anaitana ashehe a pamzikiti wathu, munthu wofatsa yemwe anamangitsa ukwatiwo. Anamvetsera zonse akupotokola ndevu, tiyi wawo akuzizira.

"Madzi akatayika sawoleka, amayi," anatero. "Komabe khomo lilipo limodzi. Ngati mwana wanu analankhula mkwiyo utamuphimba mpaka osadziwa chomwe akunena, n'kuvomera yekha pamaso panga, tikhoza kuona chochita. Mumupeze alankhule."

Sabata yonse foni ya Saidmurod sinayankhe nambala ya kwawo. Mohira anapitiriza kukama ng'ombe, kusesa, kuwathirira madzi osamba m'manja apongozi ake, koma sankakhalanso nawo pa chakudya. Ankadyera kukhitchini ngati mlendo wodikira galimoto. Mayi Sanavbar ankamuikira nyama yabwino pa mpunga, iye n'kuipereka kwa mwana.

Pamapeto pake bambo Nazarali anabwereka foni ya aneba n'kuitanitsanso ashehe. Nambala yachilendo ija Saidmurod anayankha.

"Ndine bambo ako. Usadule."

"Ndikumva, Ababa."

"Ashehe ali pano. Mwana wanga, munthu ndi munthu, mutu umatentha. Amako analankhula mopyola, iwenso unayankha mopyola. Uwauze ashehe kuti unali ndi mkwiyo, tikonze zinthu."

"Ndinalibe mkwiyo, Ababa."

"Taganiza kaye usanayankhe."

"Ndaganiza kalekale."

Bambo Nazarali anakweza dzanja kuti onse akhale chete. Nkhope yawo inasintha.

"Akulirayo ndi mwana wa yani?"

Enawo anali asanamve kanthu. Atatchera khutu anamva kamwana kakulira chapatali, ndi mawu a mkazi akukatonthoza m'chilankhulo cha kumeneko.

"Ndakufunsa, Saidmurod."

"Ndi mdzukulu wanu. Wamwamuna."

"Ndiye uli ndi nyumba kumeneko."

"Chaka chachiwiri tsopano. Ababa, inu simukudziwa moyo wa kuno. Munthu wopanda mapepala ndi galu. Mkaziyu wandikonzera zonse, ndimagona m'nyumba mwake. Nyumba ziwiri sindingazithe, ndakhala ndikusowa poyambira kukuuzani. Amayi atandiuza nkhani ija ndinaona kuti njira yatseguka yokha."

Mayi Sanavbar anasendera pafupi ndi foni. Mawu awo anatuluka ang'onoang'ono.

"Nanga ndakatulo ija, mwana wanga? Si imene inakupweteka?"

"Ndinaimva inu musanaimve, Amayi. Anyamata kuno amatumizirana. Palibe choipa m'menemo. Amawerenga bwino."

Mayi Sanavbar anakhala pansi, padothi penipeni, diresi osalikonza. Ashehe anaika foni pa chibedi, n'kupemphera mwachidule manja ali kumaso, n'kutsanzika. Atatembenuka kuti azipita anaona Mohira ataima pakhomo la khitchini, atanyamula ketulo ya tiyi yomwe ankabweretsera alendo. Anali atamva zonse. Anabwera, n'kuwathirira apongozi ake aamuna tiyi mwaulemu wake wonse, n'kubwerera.

Madzulo ake mayi Sanavbar anamutsatira kukhola.

"Mwana wanga," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho, "usapite. Ukhale pano ngati mwana wathu wamkazi. Uyo ndi amene watuluka m'nyumba ino, osati iwe."

"Zimenezo si za ine kunena, Amayi. Achimwene amva kale. Abwera mawa."

Bahrom, mchimwene wake wa Mohira, anafika ndi kalole kobwereka. Makolo awo anamwalira, ndipo iye ndiye anali mutu wa banja ku Kuhdara, mudzi wa kuseri kwa phiri. Tiyi anakana. Anaima pakati pa bwalo manja ali m'thumba.

"Mukuti akhale? Akhale ngati ndani? Mkazi wa munthu si iye, mwana wanu si iye. Mukufuna wantchito wosalipidwa?"

"Tikufuna tikonze cholakwa chathu," anatero bambo Nazarali.

"Mukanakonza kale. Pamene tinkati akalembetse ukwati kuboma, munati pemphero la ashehe lakwana, mapepala ndi a anthu osakhulupirirana. Lero mlongo wanga watumikira pakhomo pano zaka zonsezi, akutuluka ndi bokosi lomwe analowa nalo. Tikadandaule kuti? Kuboma adzati ukwatiwo sakuudziwa."

"Zoona zonsezo, mwana wanga."

"Ndipo mbiri yafika kale kwathu. Kumeneko sakunena kuti mwana wanu ali ndi mkazi ku Russia ayi. Akunena kuti mlongo wanga amusiya chifukwa choimbira nyimbo woyendetsa takisi. Anayambitsa zimenezo ndani?"

Anayang'ana mayi Sanavbar. Iwo sanakweze maso.

Bahrom anakweza pa kalole bokosi lija ndi zofunda zomwe Mohira anasoka asanakwatiwe. Mohira anagwada pafupi ndi bambo Nazarali n'kugwira dzanja lawo n'kuliika pachipumi pake.

"Ndinakutuma ndine, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Ndinkafuna kumva mawu ako pakati pa anthu, ndinyade."

"Simunalakwe, Ababa. Tsiku lija ndinasangalala kwambiri. Aphunzitsi anandiveka zomvera m'makutu, ndinadzimva ndekha ndikulankhula. Ndinali ndisanadzimvepo."

Kwa mayi Sanavbar anangoika dzanja pamtima n'kuwerama pang'ono. Anora anakwera kalole akusangalala, poganiza kuti akupita kukacheza kwa amalume.

Masabata atatu anadutsa. Ng'ombe inayamba kukana kukamidwa, chifukwa manja a mayi Sanavbar anali ataiwala ntchito. Nkhalamba ziwirizi zinkadya mkate wa dzulo ndi tiyi, osayankhulana kwenikweni. Tsiku lina kunabwera aphunzitsi a Dilorom kudzazonda bambo Nazarali. Mayi Sanavbar anawayalira pokhala, ndipo manyazi anawaletsa kuwayang'ana kumaso.

"Ntchito ikuyenda, aphunzitsi?" anafunsa mkuluyo.

"Ikuyenda mwendo umodzi. Azimayi analeka kubwera, ngakhale atsikana asukulu makolo awaletsa. Akuti taonani zomwe zamuonekera Mohira. Atsala ndi amuna okhaokha, ndipo nawonso akuti tisiye za chikondi, tiziwerenga za ulimi wa mbatata."

Alendo atapita, mayi Sanavbar anakhala m'mphepete mwa chibedi.

"Bambo a Saidmurod, bwanji simunanditseke pakamwa tsiku lija?"

"Ndinatsokomola."

"Kutsokomola n'kulankhula?"

"Si kulankhula. Ndinaopa mkangano pamaso pa mtengwa. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma pakhomo pano wina anauyatsa, wina n'kumauothera. Mnyamatayo akanamusiyabe, zimenezo ndikudziwa. Koma akanamusiya manyazi ali kwa iye. Ife tinawachotsa pamutu pake n'kumusenzetsa mwana wa eni."

Mayi Sanavbar anadzuka pa chibedi chija.

"Mawa ndipita ku Kuhdara. Ndikagwada pamaso pa Bahrom, ndikauza mudzi wonsewo chilungamo chake. Ndikabwera nawo onse awiri."

Anaphika mikate, anamanga mphesa zouma ndi maswiti pa nsalu, n'kukwera minibasi ya m'mawa. Ku Kuhdara anapeza nyumba ya Bahrom ili yothina: ana asanu, mkazi wake woyembekezera, zipinda ziwiri. Bokosi la Mohira linali pakhonde, litaphimbidwa ndi pulasitiki. Bahrom anawalandira mwaulemu wouma n'kumvetsera mpaka amalize.

"Mwachedwa, amayi," anatero. "Mukuona nokha momwe tikukhalira. Mkazi wosiyidwa, wa mbiri ngati imeneyi, amufunsira ndani? Mulungu wathandiza, wapezeka mkulu wina wa sitolo kumsika. Ali ndi mkazi wodwala, akufuna wachiwiri. Tagwirizana. Tikungodikira ithe miyezi yomwe chipembedzo chimati mkazi wosiyidwa adikire asanakwatiwenso."

"Mkulu wa zaka zingati?"

"Wa msinkhu wa amuna anu. Koma amaona."



"Ndiye mwachita bwino kubwera," anapitiriza Bahrom, "chifukwa ndimati ndikutumizireni uthenga. Mkuluyo wanena chinthu chimodzi. Mwana wa mwamuna wina sakumufuna pakhomo pake. Ine pano sindingawonjeze pakamwa pena. Magazi ndi anu, mutengeni."

"Ndilankhule ndi mwini wake."

Anamupeza Mohira kuseri kwa nyumba akuchapa zovala za ana a mchimwene wake. Anali atawonda. Anadzuka, koma dzanja sanaike pamtima.

"Mwayenda bwanji, azakhali?"

Mawu oti azakhali aja anawalasa kuposa chipongwe cha Bahrom.

"Mwana wanga, ndakulakwira. Ndabwera kudzakutenga. Usakwatiwe ndi nkhalamba imeneyo. Tiye kwathu, udzalere mwana wako, nyumba ija ndi yako."

"Yanga mpaka liti? Inu ndi Ababa mwakula. Tsiku lomwe mudzatseke maso, mwini nyumba adzabwera ndi mkazi wake ndi mwana wake wamwamuna. Ine ndidzakhala ndi imvi, wopanda pepala, wopanda kolowera. Achimwene anena kale kuti ndikabwerera kwanu, khomo lino ndisadzalionenso. Ndaganiza usana ndi usiku, azakhali. Palibe njira yomwe sindinaiyende m'mutu."

"Ndikauza anthu onse kuti ndinanama."

"Auzeni. Adzamvera, adzagwedeza mitu, kenako adzati utsi sufuka popanda moto. Nkhwangwa imaiwala, mtengo suiwala, koma anthu oonerera amangokumbukira kuti mtengo unagwa."

Anapukuta manja, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kachikwama komanga kale. Zinaoneka kuti kanamangidwa masiku angapo apitawo.

"Ndikanakonda Anora akhale ndi ine mpaka tsiku lomaliza. Koma pano akumenyedwa ndi anzake, akumutcha mwana wa woimba. Kwanu kuli agogo ake omwe amamukonda. Mkaka samwa wozizira, umamutsegula m'mimba. Akamagona amafuna wina amugwire khutu. Ndipo akadzakula, azakhali, mudzamutumize kusukulu. Akadzafuna kuwerenga mokweza, mudzamusiye awerenge."

"Ndidzamusiya," anatero mayi Sanavbar akulira. "Ndikulumbira."

Mohira anaitana Anora n'kumuuza kuti apite ndi agogo akaone mwanawankhosa, amayi abwera pambuyo. Mwanayo anavomera mpaka pamsewu. Minibasi itaima, anaona kuti amake sakukwera, ndipo anagwira diresi lawo ndi manja onse awiri. Mohira anamasula zalazo chimodzichimodzi, n'kumupereka pawindo, n'kutembenuka osayang'ananso m'mbuyo. Anayenda molunjika mpaka pakona ya mpanda. Mayi Sanavbar atasuzumira pagalasi lakumbuyo anamuona atakhala pansi pamenepo, mpango utaphimba nkhope.

Anora analira njira yonse yokwera phiri, n'kugona potsika. Anthu a m'minibasi anafunsa ngati mwanayo akudwala. Mayi Sanavbar anati ayi.

Anafika dzuwa likulowa. Bambo Nazarali anali atadzikoka okha ndi ndodo mpaka pageti, atavala mkanjo wawo wa Lachisanu, ndevu atapesa. Anapendeketsa mutu kumvetsera anthu akubwera m'kanjira, nkhope ikuyamba kumwetulira. Kenako kumwetulirako kunaima.

"Amake Saidmurod, ndikumva mapazi a anthu awiri. Wachitatu watsalira kumsewu ndi katundu?"

Mayi Sanavbar anatenga dzanja la mwanayo n'kuliika m'dzanja la amuna awo.

"Agogo," anatero Anora, "Amayi akuti abwera pambuyo. Tisatseke geti."

Mkuluyo anaima pomwepo nthawi yaitali, kadzanja kaja kali m'dzanja lawo.

"Chabwino, mwana wanga," anatero. "Tilisiya lotsegula."